Nambala Imene Inadzafunsira Mng'ono Wanga

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pakhoma la kiliniki ya kwathu ku Chawama, komboni ya mu Lusaka, tsiku limene ndinaperekeza amai kukayezetsa kuthamanga kwa magazi. Mzere unali wautali, ndiye ndinayamba kuwerenga mapepala onse omata pakhomapo, kuyambira la katemera mpaka la kolera. Lomaliza linkati akufuna anthu omaliza giredi 12, odziwa Chinyanja ndi Chibemba, oti aziyenda m'makomo kufunsa mafunso a kafukufuku wa mowa ndi mankhwala osokoneza bongo. Apo n'kuti nditakhala zaka zitatu pakhomo, ndikuluka anthu tsitsi pakhonde n'kumawadziwira nkhani zawo zonse.

Amai atamva anaseka mpaka kuiwala kuti akudwala. "Zelipa, lemba kalata iwe. Kamwa yako iyo siitseka, mwina manje izayamba kukudyesa."

Amene ankatsogolera kafukufukuyo anali Dokota Mwale, mayi wamfupi woyenda ndi nsapato zothamangira, amene anali atathera zaka zambiri pa nkhani ya mowa m'makomboni. Tsiku lotiyesa sanayang'ane n'komwe satifiketi yanga. Anandipatsa pepala kuti ndiwerenge mokweza funso limodzi: kodi ndi kangati pamene munafunika kumwa m'mawa kuti thupi likhale m'malo? Ine ndinaphulika kuseka, chifukwa ndinakumbukira bambo wina wa kuseri kwathu amene amatsuka m'kamwa ndi kachasu. Dokota sanaseke. Anadikira mpaka kuseka kwanga kutatha ndekha ndi manyazi, kenako anati, "Werenganinso. Munthu amene mukumufunsayo ayang'ana nkhope yanu asanayankhe." Ndinawerenga kachiwiri, nkhope ili gwa, ndipo anandilemba.

Tinaphunzira masabata awiri m'holo ya tchalitchi china. Aliyense anapatsidwa tabuleti, batire yoitchajira m'njira, chitupa chovala m'khosi, mafomu a chilolezo, inki ya chidindo cha chala, ndi khadi la zithunzi. Pakhadipo panali botolo la mowa wa m'sitolo, katoni ya masese, kapu ya kachasu ndi tujilijili, timowa tokali tija totchipa. Khadilo linali lofunika, chifukwa ukafunsa munthu kuti amamwa mowa wochuluka bwanji amati pang'ono chabe, koma ukamuonetsa chithunzi amaloza ndi chala n'kuwerenga yekha.

Nyumba sitinkasankha ndi maso. Tinkayambira pa mpopi wa madzi, n'kuzunguza bolopeni pansi. Kumene yaloza ndiko tinkalowera, tikuwerenga zitseko, ndipo chachisanu chilichonse chinali chathu, kaya pali galu kaya pali matope. Ukalowa unkalemba msinkhu wa akuluakulu onse a m'nyumbamo, tabuleti n'kusankha mmodzi. Akakhala kuti kulibe, unkabwerera mpaka katatu. Ukamupeza, munkakhala pa awiri pamalo poti wina asamve, n'kumuwerengera fomu ya chilolezo yonse, osadumpha mzere. Mzere waukulu unali wakuti zonse zimene anene sizidzauzidwa munthu wina aliyense. Iye ankasaina kapena kudinda chala, iwenso n'kusaina m'munsi mwake. M'tabuleti simunkalowa dzina, munkalowa nambala yokha, ndipo mafomu ankatsekeredwa m'bokosi lachitsulo ku ofesi.

Panalinso lamulo lakuti munthu asagwire ntchito m'komboni ya kwawo, kuopa kufunsa anthu owadziwa. N'chifukwa chake ine wa ku Chawama ananditumiza ku Kalingalinga, minibasi ziwiri m'mawa uliwonse, kumene sindinkadziwa ngakhale nkhuku. Anatiphunzitsanso yankho loti tizipereka munthu akatifunsa za wina: zimene ndimamva pa ntchito sindiloledwa kunena. Tinalibwereza m'holo muja ngati ana a Sande sukulu.

Koma kamwa langa linali lomwe lija. Mayina sindinkatchula, zimenezo ndinkasunga, koma ndikafika kunyumba ndinkasimba za agogo ena amene anandiuza kuti samwa mowa, amangomwa mankhwala a mphepo a m'botolo laling'ono. Amai ndi mng'ono wanga Naomi ankagwa nazo. Posakhalitsa nkhani inamveka kuti Zelipa amadziwa Kalingalinga yonse khomo ndi khomo. Mnzawo wa amai ankafuna kuoda mipando kwa kalipentala wina wa kumeneko, anabwera kudzandifunsa ngati ndi munthu wabwino. Ndinati ndi wabwinobwino. Msuweni wathu ankafuna lendi kwa mayi wina, ndinati pitani, alibe vuto. Ena ndinali nditawafunsadi mafunso, ena ndinangowaona panjira. Sindinaone cholakwa, poti ndinkangonena zabwino. Kunena zoona, zinkandikomera kufunsidwa.

Mwezi wachitatu, chitseko chachisanu chinandifikitsa pa kachipinda kamodzi kuseri kwa shedi ya akalipentala. Munkakhala mwamuna mmodzi yekha, choncho tabuleti inalibe chosankha. Ndimutcha Lackson. Dzinali si lake, ndipo zimene ndikulemba apazi anandilola yekha patapita zaka, apo ayi bwenzi mukuwerenga za mabolopeni okhaokha. Anali mnyamata waulemu, waukhondo, pensulo ili kukhutu. Anandipukutira benchi ndi malaya ake, n'kuzimitsa wailesi.

Mafunso oyamba anayankha mopepuka. Titafika pa khadi la zithunzi analoza kapu ya kachasu, chala chikunjenjemera. Funso la m'mawa lija, limene ndinaliseka kwa Dokota, analiyankha akuyang'ana pansi: tsiku lililonse, apo ayi manja sagwira pulena yopalira matabwa. Kenako panabwera funso lakuti kodi pali munthu amene anavulalapo chifukwa cha kumwa kwanu. Anachotsa pensulo kukhutu n'kumaitembenuza m'zala. Ine ndinachita zimene anatiphunzitsa, kudikira osamuthandiza mawu.

"Ba sisita, ivi vizankala pakati pathu, ai?" anafunsa.

Ndinamuonetsa mzere wa pa fomu umene tinasainirana. Ndiye anandiuza za mkazi amene ankakhala naye kale, mmene anamukankhira pa chitseko ataledzera, mkono n'kuthyoka, iye osakumbukira kanthu mpaka atauona pulasitala. Mkaziyo anachoka. Ku tchalitchi kwake ankadziwa kuti mkaziyo anangothawa ukwati. Analira, mwamuna wamkulu, utuchi uli m'tsitsi. Ndinadina yankho lake, limene m'tabuleti linali mawu amodzi okha akuti inde. Pomaliza ndinamupatsa kapepala kolozera kumene angapeze thandizo, monga tinkachitira ndi aliyense, n'kupita kukawerenga zitseko zina zisanu. Ndinamumvera chisoni, koma sabata isanathe ndinali nditamuika m'gulu la manambala ena.

Chakudza sichiimba ng'oma. Patapita miyezi iwiri, Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi, Naomi anati kubwera mlendo wodzapereka moni kwa amai. Naomi ankagulitsa m'shopu ya penti ndi misomali m'tauni, ndipo tonse tinkadziwa kuti pali kasitomala wina amene amagula misomali kuposa nyumba zimene amamanga. Ndinali kutsuka mbale kuseri nditamva odi. Ndinatuluka ndikupukuta manja, n'kupeza Lackson atagwada pakhomo, atavala jekete, Baibulo lili m'khwapa.

Tinayang'anana. Nkhope yake inachita ngati munthu amene waponda msomali koma sakufuna kukuwa. Naomi, osadziwa kanthu, anati, "Aba ndiye ba sisi banga, ba Zelipa, bamene nimakuuzani." Lackson anawomba m'manja mwaulemu nati, "Muli bwanji, ba mulamu?" Ndinayankha kuti ndili bwino. Ndinamuthirira madzi osamba m'manja, ndikuyang'ana manja omwe aja. Sankanjenjemera, ndipo ndinadziwa chifukwa chake, poti m'kamwa mwake munkatuluka fungo la maswiti a timbewu okhaokha, obisira mowa wa m'mawa uja.

Amai anamukonda pompo. Anawakonzera mwendo wa tebulo umene unali ukugwedera kuyambira pamene atate anamwalira. Naomi ankayenda m'nyumba ngati sakuponda pansi. Ine ndinabwerera kuseri ku mbale zanga.

Lolemba ndinapita molawirira ku ofesi. Sindinatchule nambala kapena dzina, ndinangouza Dokota kuti munthu wina amene ndinamufunsa mafunso akufuna kukwatira mng'ono wanga, ndipo zimene anandiuza zikundiopsa. Anatseka chitseko n'kundifunsa ngati munthuyo ananena kuti akufuna kuvulaza wina tsopano lino. Ndinati ayi, ndi zakale. Ndinkadziwa kale yankho, chifukwa lamulo linkatilola kuulula pokhapokha moyo wa munthu uli pangozi yoonekeratu.

"Ndiye simungakambe," anatero. "Zimene muli nazo si zanu, Zelipa, anakusungitsani. Kucheza naye ngati mlamu wanu mungathe. Koma za m'tabuleti zikhale m'tabuleti."

Ndinakwiya. Ndinawafunsa ngati akanakhala mng'ono wawo akanakhala chete. Sanandikalipire. Anati sakudziwa, ndipo sanganame kuti ndi chinthu chopepuka, koma anthu a m'komboni amatitsekulira zitseko chifukwa cha mzere umodzi wa pa fomu uja basi. Ndinatuluka ndikung'ung'udza kuti n'zosavuta kulankhula za zitseko uli pa mpando wozungulira wa mu ofesi. Lero ndimachita manyazi ndi mawu amenewo, koma tsikulo ndi mmene ndinkamvera.

Mwayi wolankhula ndi Lackson unapezeka kamodzi kokha. Tinkamuperekeza pokwerera minibasi pa msewu wa Kafue, Naomi n'kupatuka kukagula mayunitsi a foni. Ndinalankhula mofulumira, maso ali kwa Naomi.

"Muuzeni mweka. Muuzeni akalibe kuvomela."

"Ninaleka, ba mulamu."

"Ngati munaleka, n'chani chovuta kumuuza?"

Anandiyang'ana osakwiya, koma ngati munthu amene akumira. "Akaziba azanisiya. Ninasaina pepala ija, ba mulamu. Na imwe munasaina."

Naomi anabwera akuseka, akufunsa kuti tikumujeda chiyani. Ndinagwira njakata. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo mkhate wake unali ntchito yanga, siginecha yanga, ndi munthu amene anandikhulupirira. Ndinayesa njira zokhotakhota. Ndinauza Naomi kuti asathamange, ayambe wamudziwa munthuyo bwinobwino. Anati nsanje, poti wamng'ono akutsogola wamkulu. Ndinamuuza kuti adzapite ku shedi m'mawa kwambiri mosayembekezereka. Anati iye si wapolisi. Masabata amenewo ndinaonda mpaka chitupa cha m'khosi chinkaoneka chachikulu.

Kenako a kwawo kwa Lackson anatumiza nkhoswe yawo ndi mbale ziwiri zovundikirana, monga mwa mwambo. Kwathu mbalezo sizivundukulidwa tsiku lomwelo. Banja la mtsikana limayamba lafufuza mnyamatayo, kwawo, mpingo wake, khalidwe lake, kenako n'kukhala pansi kuti aliyense anene zimene wapeza. Amalume athu, mlongo wawo wa amai, amene ndi nkhoswe ya ana onse a pabanja pathu, anaika Loweruka masana.

Kunatentha tsiku limenelo, malata akulira okha. Tinakhala pabalaza, amalume pampando wa malemu atate, amai ndi azakhali pamphasa, Naomi pakona atazolika monga ayenera mtsikana wofunsiridwa, koma akumwetulira chamumtima. Mbale zija zinali patebulo. Ine ndinakhala pafupi ndi khomo, ndikudziuza kuti ndine mwana, pa nkhani za akuluakulu palibe andifunse.

Amalume anafotokoza kuti anapita kwa abusa a mnyamatayo, abusa anati ndi wothandiza, ndiye anakhoma mabenchi onse a m'tchalitchi. Azakhali anati anafunsa mwini shedi, anati ntchito yake ndi yaukhondo. Amai anati iwo anamuona okha. Zonse zinkayenda, ndipo amalume anali atatambasula kale dzanja kuloza ku mbale. Kenako anaima, n'kutembenukira kukhomo.

"Ah, tingaiwale bwanji mwine wake wa nchito? Ise tafufuza chabe va kumudzi. Zelipa ndiye wa kafukufuku weniweni, wa mashini. Iwe unayenda Kalingalinga yonse, nyumba na nyumba. Uyu munyamata unamvelako chani?"

Onse anaseka, ngakhale Naomi. Kwa amalume kufufuza kunali kumodzi. Boma likafufuza, nkhoswe ikafufuza, cholinga n'choti anthu adziwe. Ndipo anali ndi chifukwa chondifunsira, poti wa mipando uja ndinamuyankha, msuweni wa lendi ndinamuyankha.

Ndinali ndi mayankho atatu ndipo onse anali oipa. Ndikanati ndi wabwino, ndikanakhala nditapereka mng'ono wanga ndi dzanja langa. Ndikanati sindimudziwa, pamaso pa nkhoswe kumeneko ndi kuvomereza, ndiponso ndi bodza. Ndikanena zoona, ndikanakhala nditagulitsa munthu amene analira pamaso panga. Ndiye mutu wanga unathawira ku chinthu chokhacho chimene unaloweza m'holo muja. Ndinamva mawu anga akutuluka, aulemu, osalala, ngati ndikuwerenga fomu:

"Amalume, vamene nimamvela pa nchito siniloledwa kukamba."

Kuseka kunatha ngati wazimitsa wailesi. M'holo muja chiganizocho chinali chishango. Pabalaza pathu chinamveka ngati chigamulo. Azakhali anagwira pakamwa. Amai anandiyang'ana, kenako anati pang'onopang'ono, "Va ba kalipentala ba mipando unakamba. Va ba landilodi unakamba. Va uyu ndiye vakanga?"

Ndinayesa kukonza, ndinati lamulo ndi la aliyense, sindikutanthauza kanthu. Kunali kuthira madzi m'dengu. Pamene ndinkalimbikira kuti palibe kanthu m'pamene ankaona kuti chilipo. Azakhali anayamba kutchula okha: kodi ndi matenda, kodi ndi chamba, kodi ali ndi mkazi wina, kodi anamangidwapo? Funso lililonse ndinkangoti sindinganene, ndipo sindinganene aliyense ankamveka ngati inde. M'mphindi zochepa Lackson anali atasanduka wodwala, wakuba ndi wamitala, zonse chifukwa cha ine amene ndimati ndikumusungira chinsinsi.

Naomi anaimirira, chinthu chimene mtsikana sachita pa bwalo lotero. "Ba sisi, kambani! Ngati muziba chinthu, kambani pano pamene. Ngati kulibe, kambani kuti kulibe." Anali akulira. Ndinamuyang'ana mwana amene ndinamubereka kumsana popita ku mpopi, ndipo sindinathe kunena chilichonse mwa ziwirizo. Ndinkalakalaka nthaka itang'ambika.

Amalume anabweza dzanja lawo. Anati nkhoswe siingavundukule mbale pamene mwana wa m'nyumba momwemo wameza mawu. Mbalezo zinabwezedwa Lamulungu, zosavundukula.

Zotsatira zake zinabwera mofulumira. Lackson anakhulupirira kuti ndinaulula zonse, ndipo sindingamunene, poti mbale zinabwerera. Anauza anzake a pashedi, anzakewo anauza akazi awo, ndipo pofika Lachitatu Kalingalinga yonse inali itamva kuti a matabuleti amatenga zinsinsi n'kukaphwasula nazo maukwati. Anzanga a ntchito ankagogoda pa chitseko chachisanu, makatani n'kugwedezeka, osatsekula. Mayi wina anathira mnzathu madzi otsukira mbale. Bambo wina amene tinali titamufunsa kale anabwera kudzafuna fomu yake kuti aing'ambe, ndipo Dokota anamupatsa n'kuchotsa mayankho ake, poti unali ufulu wake.

Ndinapita ndekha kukaulula. Ndinafotokoza zonse, kuphatikizapo wa mipando ndi wa lendi. Ndinali nditavula kale chitupa, ndikudikira kuti andiuze ndisiye tabuleti. Dokota anamvetsera mpaka kumapeto.

"Simunalakwe Loweruka," anatero. "Munalakwa tsiku limene munati kalipentala wa mipando uja ndi wabwino. Kuyambira pamenepo kukhala chete kwanu kunayamba kulankhula."

Anaimitsa ntchito ku Kalingalinga, nakalemba lipoti ku komiti imene imayang'anira kuti akafukufuku asamazunze anthu. Kenako anapempha msonkhano ndi atsogoleri a m'komboni, masana, pabwalo la sukulu. Ine ndinakhala kumbuyo kwa galimoto, ndikumva. Sanatchule dzina langa kapena la Lackson, ndipo sanati ndi mphekesera chabe. Anati wantchito wake mmodzi sanasamale, ndipo mlandu ndi wa iye amene anamuphunzitsa mopereweza. Anthu anamulalatira kwa ola lathunthu, iye ataima padzuwa ndi nsapato zake zothamangira, akulemba madandaulo awo. Zitseko zina zinatsekukanso patapita masabata, zina sizinatsekukenso. Ine anandichotsa m'makomo mwezi wonse, ndikuona mafomu ngati asainidwa bwino, ntchito yotopetsa imene ndinaiyamikira chifukwa mafomu safunsa mafunso.

Koma chimene chinandiwawa sichinali cha ku ofesi. Naomi anasiya kundilankhula. Tinkagona chipinda chimodzi, iye akuyang'ana kukhoma. Patatha mwezi, tsiku lina popita kuntchito ananyamula chikwama chachikulu, ndipo sanabwerere. Anakalowa kwa Lackson popanda mbale, popanda nkhoswe. Amene amadziwa mwambo wathu amvetsa kulemera kwake. Mkazi wokwatiwa mwa dongosolo zikavuta amathamangira kwa ankhoswe, iwo n'kuitana mwamunayo. Wolowana alibe kothawira, ndipo manyazi amamutsekera pakamwa. Ndinkaopa kumupereka kwa munthu ameneyo ali ndi omuteteza, ndipo ndinamupereka alibe ndi mmodzi yemwe.

Ntchito ndinapitiriza. Lero ndine amene ndimaphunzitsa ofunsa mafunso atsopano, ndipo za bolopeni ndi zitseko ndimaziphunzitsa tsiku lachiwiri. Tsiku loyamba ndimawatuma kunyumba. Ndimawauza kuti asanagogode pakhomo la munthu aliyense, akakhazike pansi amai awo, amuna awo, amalume awo, n'kuwauza kuti kuyambira lero sadzayankha za munthu aliyense wa kumene akugwira ntchito, woipa kapena wabwino, womudziwa kapena wosamudziwa. Chinsinsi chimayamba kusungidwa usanachimve. Ukadikira tsiku limene uli nacho, kukana kwako kumachiulula. Ndimawauzanso kuti Lusaka ndi wamng'ono kuposa mapu ake, minibasi ziwiri sizitalikitsa munthu. Ena amaseka, ine ndimawadikira amalize.

Phunziro limenelo ndi loona, koma sindinamizira kuti limatseka nkhani yonse. Ngakhale ndikanasamala kamwa langa kuyambira pachiyambi, ndikanakhalabe pabalaza paja ndikudziwa za mkono wothyoka, mbale zikuvundukulidwa. Wophunzira wina anandifunsapo kuti pamenepo munthu amatani. Ndinamuuza kuti amalimbikira kukankha mwini nkhaniyo kuti anene yekha, ndipo nthawi zina sizitheka.

Naomi anabwera ku Chawama patapita zaka ziwiri, Lachinayi m'mawa, mwana ali kumsana, zovala zili m'thumba la pulasitiki. Amai anangomulandira mwanayo. Masana ndinamupeza kuseri akuyanika matewera ndi dzanja lamanzere lokha. Lamanja analipanikiza pamimba, litatupa pamfundo. Ndinatenga beseni n'kuyamba kumupatsira zovala chimodzichimodzi.

Anayamba yekha, osandiyang'ana. Anati Lackson atadzuka mowa utamuthera n'kuona zimene analichita dzanjalo analira, n'kumuuza zonse, za kachasu wa m'mawa, za mkazi woyamba, za tsiku limene mkazi wa tabuleti anakhala pa benchi yake. Anati anamuuzanso kuti tsopano akukhulupirira kuti sindinaulule, chifukwa ndikanaulula, Naomi sakanadabwa chotero.

Sindinavomere ndipo sindinakane. Nthawi imeneyo Lackson anali asanandimasule, siginecha yanga inali ikadali m'bokosi lachitsulo. Ndinangomupatsira thewera lina. Naomi analiyanika, nalikanikiza ndi chopanira chimene anachitsekula ndi mano. Kenako anatembenuka. Sanali wokwiya, ndipo bola akanakwiya.

"Olo mukananiuza, ba sisi, sembe sininamvele. Nenze kumukonda maningi." Anapukuta dzanja lake labwinolo pa chitenje. "Koma mukananiuza."

Ndaphunzitsa anthu ambiri kuyankha mafunso ovuta a m'makomo, koma mawu amenewo mpaka lero sindinawapezere yankho.